Momwe mungayezere foni poyang'ana software yake musanapereke ndalama

Mafoni a masiku ano mukawayala pa tebulo chafufumimba nkubisa dzina lija, simungadziwe kuti iyi ndi ya ndani. Onse ndi aatali, opyapyala, makamera atatu kaya anayi pakona, galasi lakuda kutsogolo basi. Makampani amadziwa zimenezi, nde mpikisano wawo weniweni anausamutsira mkati, mu software, momwe foni imakuyankhirani mukaigwira. Kumeneko ndi komwe Samsung amaoneka kuti ndi Samsung, Tecno kuti ndi Tecno, ndipo ndi komwenso inu ogula muyenera kuyang'ana kwambiri kuposa katoni ndi manambala a kamera.

Kupatula iPhone ndi mafoni ena a Huawei, pafupifupi onsewa amayendera Android, yomwe Google anaigula mu 2005 ndipo foni yoyamba kutuluka nayo inali HTC Dream mu 2008. Android yo ili ngati chitenje chimodzi chomwe matelala ambiri agula pa shopu imodzi, aliyense akasoka sitayilo yake, wina bwinobwino, wina mongothamanga. Nde tiyeni tione momwe mungayezere kasokedweko, foni ili m'manja, ogulitsa ali pompo.

Yambani ndi kufunsa foniyo dzina lake

Lowani mu Settings, tsikani mpaka About phone. Pa Samsung mulowenso mu Software information ndipo muona One UI, lomwe ndi dzina la software ya Samsung, ndi nambala yake. Tecno imalemba HiOS, Infinix imalemba XOS, itel ili ndi itel OS, ndipo atatuwa ndi a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, China, kungoti anagawana makasitomala malinga ndi thumba. Xiaomi, Redmi ndi Poco muona MIUI ngati ndi yakalekale, kapena HyperOS yomwe inabwera kumapeto kwa 2023. Oppo ndi ColorOS, Huawei ndi EMUI kapena HarmonyOS.

Koma musakhutire pomwepo chifukwa opanga mafoni a feki nawo amatha kungolemba dzinalo. Chomwe amalephera ndi kukopera zinthu zomwe zimalumikizana ndi kampani yeniyeniyo. Pa iPhone dinani App Store, ikakutsegulirani Play Store kapena ikakufunsani akaunti ya Google, bwezani, ndi Android yovala zovala za eni. Pa Samsung tsegulani Galaxy Store ndi Samsung Members muone ngati zikugwiradi ntchito, kenako imbani *#0*#, pa ma Samsung ambiri pamabwera timabokosi toyezera sikirini, sipika ndi zina, ngakhale ena ochokera ku ma netiweki a ku America anatseka zimenezi nde musaweruze ndi ichi chokha. Pa foni iliyonse imbani *#06# muone ngati IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foniyo, ikufanana ndi ya pa katoni. Ndipo pa Android lowani mu Play Store, Settings, About, pansi penipeni pamalembedwa Play Protect certification. Pakuyenera kunena kuti Device is certified, kutanthauza kuti Google anaivomereza foniyo.

Kenako igwireni ndi dzanja limodzi

Apa ndi pomwe anthu ambiri amathamanga, pomwe mpamene pali nkhani. Samsung kale anali ndi software yotchedwa TouchWiz, yomwe anthu ankadandaula kuti ndi yolemera komanso yodzadza zinthu, nde kumapeto kwa 2018 anabweretsa One UI ndi ganizo limodzi looneka bwino lomwe, loti mafoni atalika koma chala chachikulu sichinatalike. Mukatsegula Settings pa Samsung muona kuti kumtunda kuli mutu waukulu wongowerenga, zodina zonse anazitsitsira mmunsi momwe chala chimafika. Yesani nokha, foni kudzanja limodzi, linalo ngati mwanyamula jumbo, mutsegule mameseji, mubwerere, muchepetse kuwala kwa sikirini. Ngati mukuchita kusuntha foni m'manja mpaka kutsala pang'ono kuigwetsa, dziwani kuti mudzakhala mukutero tsiku lililonse.

Onaninso timabatani titatu tapansi tija. Samsung batani lobwerera amaliika kumanja, pomwe Pixel ya Google imaliika kumanzere, iPhone ilibiretu, mumachita kukoka kuchokera m'mphepete mwa kumanzere kapena kudina kamuvi kumtunda. Ma Xiaomi ambiri mukakoka kuchokera kumtunda chakumanja mumapeza Wi-Fi, tochi ndi data, chakumanzere ndi komwe kuli ma notification, mofanana ndi iPhone. Tinthu tating'ono timeneti ndi tomwe timamangirira munthu ku kampani imodzi zaka ndi zaka, chifukwa chala chikazolowera, foni ina iliyonse imaoneka ngati yovuta ngakhale ili yabwino. Zambiri mwa izi zimasinthika, pa Samsung ndi mu Display kenako Navigation bar. Ngati mukugulira amayi kapena agogo, ine ndimaona kuti ndi bwino kuwagulira mtundu womwe anazolowera kale, ndipo muyang'ane ngati ili ndi Easy mode kapena Simple mode yomwe imakulitsa zilembo ndi zizindikiro.

Jambulani nkhope yanu, osati maluwa

Kamera ya foni theka lake ndi software. Manambala a 50MP kaya 108MP aja sakuuzani momwe foni idzaonetsere khungu lanu. Transsion anatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa anakonza makamera awo kuti azijambula bwino anthu akhungu lakuda, pa nthawi yomwe mafoni ambiri ankatulutsa nkhope yongoti bii, maso ndi mano okha. Google nawo anadzabweretsa Real Tone pa Pixel 6 mu 2021 pa vuto lomweli. Nde imani pamthunzi, kumbuyo kwanu kukhale kowala, jambulani ndi kamera yakutsogolo. Mukatero zimitsani Beauty mode mujambulenso. Mafoni ena amabwera atayatsiratu zimenezi ndipo amakuyeretsani mpaka achibale kudabwa, ena amasiya khungu momwe lilili. Palibe chifukwa cholipira foni yomwe ikukusinthani mtundu musanaipemphe.

Werengani ma app omwe abwera kale mkatimo

Apa ndi pomwe mumaona momwe kampani imapezera ndalama mukagula kale. Mu Tecno, Infinix ndi itel mumapeza zinthu ngati Boomplay, Phoenix, Palm Store, AHA Games ndi Carlcare. Mu Xiaomi muli GetApps ndi Mi Browser. Xiaomi yo mu 2018 bwana wake Lei Jun analonjeza poyera kuti phindu lawo pa zipangizo silidzadutsa 5 peresenti, nde mukadabwa kuti bwanji foni yotchipa chonchi koma ili ndi zonse, yankho lina ndi lomwelo, ndalama zina amazipeza kudzera mu ma app ndi zotsatsa malonda zomwe zimatulukira mu foni mwanu. Sikuti ma app onsewa ndi oipa, Carlcare imathandiza kupeza komwe amakonza mafoniwa ndipo Boomplay anthu amaikonda, koma zotsatsa zija zimadya data yomwe mwagula ndi ndalama zanu, ndipo pa foni ya RAM yochepa, memory yomwe ma app amagwiriramo ntchito, zimailemetsa zedi.

Chitani izi. Dinani nkugwiritsa app imodzi yomwe simukuifuna muone ngati pakubwera Uninstall, kapena Disable yokha, kapena palibiretu chilichonse. Zimenezo zikuuzani kuti kampaniyo imakupatsani ufulu wochuluka bwanji. Mukagula, notification iliyonse yotsatsa ikabwera musangoikankhira kumbali, igwiritseni ndi chala mpaka ionetse app yomwe yaitumiza, muzimitse pomwepo. Pa Xiaomi sakani Authorization & revocation mu Settings muzimitse kotchedwa msa, komwe kumabweretsa zotsatsazo, imakudikiritsani masekondi angapo ndipo nthawi zina imakana koyamba, bwerezani basi.

Palinso vuto lina lomwe limakhumudwitsa anthu ambiri, loti mameseji a WhatsApp amafika pokhapokha mwatsegula app yo. Nthawi zambiri si netiweki ayi. Makampani amafuna atchuke kuti batire lawo limakhalitsa, nde software yawo imagonetsa ma app mwamphamvu mukangozimitsa sikirini. Kukakhala kuti magetsi akuzimazima zimenezi zimathandiza ndithu, koma ngati mumachita bizinesi pa foni mutha kuphonya kasitomala. Pa Samsung lowani ku Battery, Background usage limits, muike WhatsApp mu Never sleeping apps. Pa Xiaomi yatsani Autostart pa app yo. Pa Tecno ndi Infinix yang'anani mu app ya Phone Master.

Funsani kuti ma update adzatha liti

Mu About phone momwemo muli deti la security update yomaliza. Foni yomwe akuti ndi yatsopano koma detilo ndi la zaka ziwiri zapitazo, ndiye kuti yagonera m'shopu kapena kampani inaisiya kale. Google analonjeza zaka 7 za ma update kuyambira pa Pixel 8 mu 2023, Samsung anachitanso chimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024, ndipo Galaxy A16 yomwe ndi yotsikirako mtengo anailonjeza zaka 6. Mafoni ambiri otchipa safika pamenepo, ena amalandira Android yatsopano kamodzi, ena amafa ndi yomwe anabadwa nayo. Izi zimadzawawa mtsogolo, pomwe app ya banki kaya WhatsApp yasiya kugwira pa software yakale foni ikadali yabwinobwino, sikirini yosasweka. Mukaona kuti palembedwa Go edition dziwani kuti ndi Android yopepukitsidwa ya mafoni a RAM yochepa, imagwira ntchito koma musayembekezere zambiri.

Za Huawei samalani pang'ono. Mu May 2019 boma la America linaletsa makampani ake kuchita nawo malonda momasuka, nde kuyambira pa Mate 30 mafoni awo atsopano anayamba kutuluka opanda Play Store, Gmail ndi YouTube, m'malo mwake muli AppGallery. Mafoniwo ndi olimba ndipo makamera ake ndi abwino, koma musanagule tsegulani muone ngati app ya banki yanu, ya Airtel Money kapena ya Mpamba ikupezeka ndipo ikugwira.

Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, akaunti ichoke muli pomwepo

Kampani iliyonse imafuna mutsegule akaunti yawo, Samsung account, Xiaomi account, Apple ID, ndipo akauntiyo ndi loko. Apple anayamba Activation Lock mu 2013 ndi iOS 7, ndipo iPhone yomwe ili ndi iCloud ya munthu wina simungaigwiritse ntchito mukaifufuta, kaya akulonjezeni kuti kuli mnyamata wina amatsegula. Android nayo ili ndi loko wake wa akaunti ya Google yemwe okonza mafoni amamutchula kuti FRP. Nde auzeni ogulitsawo mwaulemu kuti achimwene, tulutsani kaye akaunti yanu, kenako mupange limodzi factory reset, kufufuta zonse kuti foni ibwerere ngati yatsopano, muike SIM yanu, mudutse masitepe onse oyambira mpaka mufike pa sikirini ya ma app osafunsidwa pasiwedi ya munthu wina. Akayamba zoti mukapangira kunyumba, ndalama zanu zibwerere m'thumba.

Mukakhazikika ndi foni yanu, musamasunge chilichonse mu nkhokwe ya kampani yokhayo. Kulowa amakuphweketsani, Samsung ali ndi Smart Switch, Apple ali ndi Move to iOS, onse okuthandizani kusamukira kwa iwo, koma potuluka mpamene mumazindikira kuti zolemba zanu zili mu Samsung Notes, zithunzi zili mu iCloud, manambala ena ali mu foni momwemo. Posunga nambala yatsopano yang'anani pomwe palembedwa Save to musankhe akaunti ya Google, chifukwa imatsegulika pa Tecno, pa Samsung ngakhale pa iPhone. Manambala akale omwe ali mu foni kapena mu SIM asamutsireni komweko kudzera mu Contacts, pa Import kapena Move contacts, ndipo pasiwedi ya akauntiyo muilembe penapake posakhala mu foni yomweyo.