Momwe mungadziwire ngati mpangankhani wa m'katuni ndi Mtengo, Moto, Dothi, Chitsulo kapena Madzi

Tsiku lina madzulo ndimaonera makatuni a Winnie the Pooh ndi mwana wa mchemwali wanga, iye atakhala pansi, mbale ya mbatata ili pamiyendo. Mwadzidzidzi anandifunsa kuti, “Malume, bulu uja samaseka chifukwa chiyani? Akudwala?” Amanena Eeyore. Ndinamuyankha kuti ndi chibadwa chake, koma funsolo linandikhala mumtima. Pofuna yankho labwino ndi pamene ndinabwerera ku chiphunzitso chakale cha ku China chotchedwa Wu Xing, ndipo lero kunyumba kwathu sitionera katuni osatsutsana kuti uyu ndi Moto, uyo ndi Madzi.

Wu ndiye kuti zisanu, pomwe Xing ndi kuyenda kapena kusuntha. Pamenepa mpofunika kugwirapo, chifukwa Atchaina akale sankanena kuti dziko linawumbidwa ndi zinthu zisanu zimenezi ayi. Ankanena za makhalidwe asanu a mmene zinthu zimayendera ndi kusinthira: Mtengo (Mu), Moto (Huo), Dothi (Tu), Chitsulo (Jin) ndi Madzi (Shui). Munthu amene anatchukitsa maganizowa ndi Zou Yan wa ku dera la Qi, amene anakhala ndi moyo cha m'ma 305 mpaka 240 BC. Sanali maganizo ongocheza nawo. Qin Shi Huang atagwirizanitsa China mu 221 BC anasankha Madzi ndi mtundu wakuda kukhala chizindikiro cha ufumu wake, poti ufumu wa Zhou umene anaulowa m'malo unkatengedwa ngati Moto, ndipo madzi amazimitsa moto. Buku lakale la zachipatala la Huangdi Neijing nalo linagawa anthu m'magulu potsata zisanuzi. Ndiye tikamachita zimenezi ndi makatuni sitikuwombeza ula kapena kuyeza matenda, tikungobwereka kaonedwe ka anthu amene anakhala pansi n'kuphunzira mitima ya anzawo.

Choyamba: lowezani zisanuzi pamodzi ndi zomwe zimayenda nazo

Musathamangire kutchula mayina musanadziwe maziko. Chinthu chilichonse mwa zisanuzi chili ndi nyengo yake, mbali yake ya dziko, mtundu, chiwalo cha m'thupi, kakomedwe ndi mmene mtima umamvera.

Mtengo ndi wa nyengo imene zomera zimaphuka, kummawa, mtundu wobiriwira, chiwindi, zowawasa, ndipo mtima wake ndi mkwiyo. Ganizirani mphukira ya chimanga ikuboola nthaka youma: imafuna njira, ikatsekerezedwa imakankha. Munthu wa Mtengo amakonda mapulani, amafuna zinthu zitheke lero, ndipo mukamusokoneza sachedwa kupsa mtima.

Moto ndi wa nyengo yotentha, kummwera, mtundu wofiira, mtima, zowawa, ndipo umayenda ndi chimwemwe. Ambirife timaganiza kuti moto ndi ukali, koma kwa Atchaina ndi chisangalalo, phokoso, kukonda anthu, ndi kusakhazikika chimwemwecho chikapyola muyezo.

Dothi lili pakati. Mtundu wake ndi wachikasu, chiwalo chake ndi kapamba, limakonda zotsekemera, ndipo vuto lake ndi kulingalira kwambiri. Uyu ndi munthu amene anzake onse amathawirako, wodalirika, wokonda kudya ndi kudyetsa ena.

Chitsulo ndi cha nyengo imene masamba amayoyoka, kumadzulo, mtundu woyera, mapapo, zakudya zonyerenyetsa ngati tsabola, ndipo chimayenda ndi chisoni. Ndi munthu wa malamulo, wosachulukitsa mawu, wodziwa kudula nkhani. Madzi nawo ndi a nyengo yozizira, kumpoto, mtundu wakuda, impso, mchere, ndipo mtima wake ndi mantha. Koma mantha omwewo ndi amene amabala nzeru ndi kusamala, choncho anthu ofatsa ozama maganizo amagweranso kuno.

Lembani zimenezi papepala limodzi, muziliyang'ana pamene mukuonera.

Chachiwiri: sankhani katuni ya gulu

Tom ndi Jerry ndi okoma kuonera, koma ndi awiri okha ndipo ntchito yawo ndi kuthamangitsana. Poyambira pabwino ndi katuni imene ili ndi ampangankhani anayi kapena asanu okhalira limodzi, kuti muthe kuwayerekeza.

Chachitatu: tsekani maso ku mtundu ndi ku mphamvu zamatsenga

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo inenso ndinaphonya kangapo. Mpangankhani akavala zofiira kapena akamalavula moto timafulumira kunena kuti ndi Moto. Tengani filimu ya Pixar ya mu 2015, Inside Out, momwe muli Joy (chimwemwe), Sadness (chisoni), Anger (mkwiyo), Fear (mantha) ndi Disgust (kunyansidwa). Anger ndi wofiira ndipo akakwiya mutu wake umayaka. Komabe mu Wu Xing mkwiyo ndi wa Mtengo, ndiye malo ake ndi pa Mtengo. Amene ali Moto weniweni ndi Joy. Sadness, ngakhale ndi wabuluu ndipo amalira misozi, ndi Chitsulo, pomwe Fear ndiye Madzi. SpongeBob nayenso ndi wachikasu ndipo amakhala pansi pa nyanja, koma kuseka kwake kosatha ndi kukakamira kwake kuti aliyense akhale mnzake zikuonetsa Moto.

Chenjeraninso ndi makatuni amene ali ndi kagawidwe kawokawo. Avatar: The Last Airbender imagwiritsa ntchito zinthu zinayi, madzi, nthaka, moto ndi mpweya. Mu Naruto muli moto, mphepo, mphezi, nthaka ndi madzi. Zonsezi si Wu Xing, chifukwa mu Wu Xing mulibe mpweya, ndipo muli Mtengo ndi Chitsulo. Musasakanize.

Chachinayi: dikirani pamene zinthu zavuta

Ili ndiye gawo lenileni la ntchitoyi. Zinthu zikamayenda bwino aliyense amaoneka wabwino. Onerani magawo atatu kapena anayi, ndipo nthawi iliyonse pakagwa vuto imitsani kanemayo n'kudzifunsa kuti, uyu wachita chiyani poyambirira penipeni? Wakalipa, waseka, wakhala pansi kuganiza, wagwetsa nkhope, kapena wabisala?

Ndi gulu la Pooh zimatuluka bwino kwambiri moti ndinadabwa. Rabbit ali ndi dimba lake la ndiwo zamasamba, mizere yowongoka, chilichonse pamalo pake. Wina akangopondamo, amalalata mpaka makutu kunjenjemera, kenako amaitanitsa msonkhano ndi kukonza pulani. Ameneyo ndi Mtengo. Tigger sayenda, amadumpha, ndipo moni wake ndi kukugwetsa chagada uku akuseka, osadziwa n'komwe kuti wakupweteka: Moto. Piglet mphepo ikangowomba amayamba chibwibwi ndi kunjenjemera, koma ndi iyeyo amene amaona ngozi anzake asanaione, ndiye ndi Madzi. Eeyore, bulu wathu uja, mchira ukatayika kapena kanyumba kake ka timitengo kakagwa, sakuwa, sathawa, amangolankhula mawu ochepa otsika ngati munthu amene ankayembekezera kale kuti zitero. Chisoni chotere n'cha Chitsulo. Ndipo Pooh mwiniwake, vuto likabwera, amakhala pa chipika, n'kumadzigogoda pamutu kuti aganize. Amakonda uchi, anzake onse amakumana kwa iye, ndipo ngakhale mtundu wake ndi wachikasu. Apa mtundu wagwirizana ndi Dothi, koma tauwerenga pomaliza, khalidwe litalankhula kale.

Chachisanu: yesani yankho lanu ndi maubale

Wu Xing ili ndi mikombero iwiri, ndipo ndi imene imasiyanitsa chiphunzitsochi ndi kungomata mayina. Woyamba ndi wa kubala: mtengo umadyetsa moto, moto umasiya phulusa limene limasanduka dothi, m'dothi mumachokera chitsulo, pa chitsulo pamasonkhana madzi ngati mame, ndipo madzi amameretsa mtengo. Wachiwiri ndi wa kugonjetsa: mizu ya mtengo imang'amba dothi, dothi limatchinga madzi, madzi amazimitsa moto, moto umasungunula chitsulo, chitsulo chimadula mtengo.

Tsopano bwererani ku mayina amene mwalemba muone ngati maubale awo akutsata mikombero imeneyi. Pooh atadya uchi wambiri kwa Rabbit anakanirira pakhomo, mutu kunja miyendo mkati, ndipo ndi Rabbit amene anaimika chikwangwani choletsa kumudyetsa mpaka ataphwa mimba. Mtengo walamulira Dothi. Tigger anamugunda Eeyore mpaka kugwera mumtsinje, Moto wavutitsa Chitsulo. Piglet mantha akamugwira amathamangira kwa Pooh, n'kukhazikika akangomugwira dzanja, monga mmene mzere wa dothi umaimitsira madzi m'munda. Ndipo amene anakapeza mchira wa Eeyore utapachikidwa pakhomo la Owl ndi Pooh yemweyo, Dothi likusamalira Chitsulo. Ine gawo limeneli ndi limene limandikhudza, chifukwa linandipatsa yankho loti ndimuuze mwana uja: Eeyore sakudwala, ndipo anzake samukakamiza kuseka, amangomuitana paliponse pamene akupita.

Ngati maubale awiri kapena atatu akugwirizana, mwalasa. Ngati palibe ngakhale umodzi, bwererani pa gawo lachinayi, mwina mtundu wa zovala unakunyengani.

Chachisanu ndi chimodzi: lolani kuti wina akhale ndi ziwiri

Ampangankhani olembedwa bwino amasintha, ndipo paja Xing ndi kuyenda. Lembani chinthu chachikulu, kenako chachiwiri chimene chimatuluka nthawi zina. Kung Fu Panda ya mu 2008 ndi yabwino kuyeserapo poti nkhani yake ili ku China komweko. Po, woleredwa m'lesitilanti ya bambo ake, wokonda kudya ndi wamtima wofewa, ndi Dothi, koma chidwi chake chosatha pa kung fu chili ndi Moto mkati. Oogway, kamba wokalamba wolankhula mofatsa, ndi Madzi a mbali ya nzeru, ndipo n'zosangalatsa kuti m'chikhalidwe cha Atchaina nyama yoimira kumpoto ndi Madzi ndi kamba wakuda wotchedwa Xuanwu. Kumadzulo, kwa Chitsulo, kuli Baihu, nyalugwe wamizeremizere woyera.

Pa Tigress, nyalugwe wamizeremizere wamkazi wa mu Kung Fu Panda yomweyo, ndi pamene kunyumba kwathu sitinamvanebe. Mwana uja akuti ndi Mtengo chifukwa amamukalipira Po. Ine ndimati ndi Chitsulo, ndipo umboni wanga ndi woti ukali wake suphulika. Amalankhula mawu ochepa odula, amasunga mwambo wa maphunziro ake mosaphonya, ndipo pansi pa zonsezo pali chisoni cha mwana amene anakula akufuna kuti mphunzitsi wake Shifu amuyamikire. Mukafika pa mkangano wotere musauthetse ndi mavoti. Aliyense abweretse chochitika chimodzi cha m'filimumo, mubwezere kanemayo pamalo pomwepo, muonere limodzi nkhope ya mpangankhaniyo m'masekondi oyamba vuto litangogwa, kenako mulembe papepala lija chimene mwaona.