Mwamaliza sukulu mwapeza ntchito kuno ku Joni, yambani ndi tulo

Achinyamata amene mwangomaliza kumene ku yunivesite ya Wits kaya ya UJ nkupeza ntchito ya tsiku lonse, tiyeni tikambirane za nthawi, chifukwa chimene chimavutitsa ambiri mwezi oyamba si ntchito yeniyeniyo ayi, ndi tulo ndi mayendedwe. Kusukulu munkatha kujomba kalasi ya 8 koloko nkukakopera manotsi kwa mnzanu madzulo, kuntchito abwana amangoyang'ana wotchi basi.

Nde yambani kusintha kagonedwe kudakali sabata imodzi, osadikira Lolemba lakelo. Ngati munazolowera kugona 1 koloko usiku muli pa foni, muzifulumirako ndi theka la ola usiku ulionse mpaka muzigona cha mma 10, thupi silisintha tsiku limodzi. Amene mukuyamba mu June kapena July dziwani kuti dzuwa kuno limatuluka cha mma 7, muzituluka kudakali mdima chisanu chikuluma zala, ndiye zovala sitani usiku, foni tchajani usiku, magetsi akunowa mukuwadziwa kale. Ndiwo phikani zambiri Lamulungu, nyemba kaya nkhuku, muzingotapa mkabokosi, zogula kota (buledi oikamo zakudya mkati) ndi chips tsiku ndi tsiku ndalama siifika pa 25 mwezi.

Njira yopitira kuntchito muiyesere mkati mwa sabata pa nthawi yomweyo imene muzidzanyamuka. Loweruka msewu umanama. Munthu okhala ku Rosettenville kapena Turffontein ntchito ili ku Sandton ndiye kuti takisi ziwiri, kutsika mtauni nkukaima pamzere pa renki ya takisi ku Noord kapena ku Bree, mzere wake wautali anthu manja mmatumba, mukakwera muupezenso msewu wa M1 utadzadza, ukachedwa kunyamuka ndi mphindi khumi zokha ukhoza kufika utachedwa ndi theka la ola. Sitima ya Gautrain kuchokera pa Park Station ndi yachangu zedi koma imadya mthumba, werengerani ya mwezi onse musanaikonde.

Maola anu muwadziwenso. Lamulo la ntchito la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati maola wamba asapyole 45 pa sabata, 9 pa tsiku ngati mumagwira masiku asanu, 8 ngati masiku aposa pamenepo. Mukagwira maola asanu osalekeza mukuyenera ola limodzi lokadya, ngakhale mutha kugwirizana molemba kuti zikhale mphindi 30. Ovataimu isapyole maola 10 pa sabata ndipo ola lake limalipidwa kamodzi ndi theka. Za maolazi zimateteza amene malipiro awo sanadutse mulingo omwe boma limaika, olandira zambiri amayendera kontrakiti yawo, nde iwerengeni musanasaine. Ine sindivomereza zija zoti mwana watsopano azingoti inde bwana pa ovataimu iliyonse kuti aoneke olimbikira, pofika mwezi wachitatu amakhala akusinza pa desiki. Komanso tisaiwale, study visa imalola maola 20 okha pa sabata, ntchito ya tsiku lonse imafuna mapepala ake, konzani zimenezo kaye.

Payslip yoyamba musadabwe nayo, amadula 1 peresenti ya UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera, komanso msonkho wa PAYE ngati malipiro afika podulidwa, ndiye musalonjeze akumudzi za Mukuru musanaone yotsalayo.

Ndipo holide yaitali ija ya Disembala mpaka February yatha abale. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 21 otsatizana, amene ndi masiku 15 ogwira ntchito kwa ogwira masiku asanu pa sabata, pomwe basi yodutsa pa Beitbridge ndi Mwanza imadya pafupifupi masiku awiri kupita awirinso kubwera. Ofuna kukadya Khrisimasi kumudzi pemphani tchuthi msanga anzanu asanatenge masikuwo, tikiti ya basi gulani Novembala isanafike.