Kawerengedwe ka tafsir ya al-Zamakhshari osasokonezeka

Abale, ngati mukufuna kuona mmene a Mu'tazila, gulu lakale la akatswiri a chikhulupiriro cha Chisilamu, ankagwiritsira ntchito nzeru pomasulira Qur'an, tengani al-Kashshaf, buku la tafsir (kumasulira Qur'an) lomwe al-Zamakhshari, mmodzi wa iwo, anamaliza ku Makka mu 1134. Koma musangolumphira mkati, yambani mwawerenga Surah 3 ndime 7, yomwe imati ndime zina nzomveka bwino pomwe zina zimatha kumveka pawiri. Kiyi wake ndi ameneyu.

Kenako dziwani zinthu ziwiri zomwe a Mu'tazila sankalola kuti zigwedezeke, kuti Allah ndi mmodzi safanana ndi cholengedwa chilichonse, komanso ndi wachilungamo ndiye munthu amadzisankhira yekha zochita zake. Ndime ikaoneka ngati ikutsutsana ndi izi ankati nchining'a cha Chiarabu, nkuimasulira potsamira ndime zomveka bwino zija.

Yesani nokha pa Surah 75 ndime 22 ndi 23, yokamba za nkhope zowala zikuyang'ana Mbuye wake. Ma ulama (akatswiri a chipembedzo) achi Sunni amati okhulupirira adzamuonadi Allah, koma Zamakhshari anati uku nkuyembekezera chifundo chake basi, poti Surah 6 ndime 103 ikuti maso samufikira. Werengani ndime zonsezi pamodzi pang'onopang'ono, mudzifunse kuti yomveka ndi iti ndipo waganiza choncho ndani, apa mpomwe pagona mkangano wonse ndipo ineyo ndimaona kuti funsoli nlofunika kwambiri.

Pezaninso kope lomwe mmunsi muli mayankho a Ibn al-Munayyir, katswiri wachi Sunni wa ku Alexandria, yemwe amamutsutsa Zamakhshari paliponse pomwe walowetsa chi Mu'tazila. Pakavuta galamala pitani kwa shehe wodziwa Chiarabu bwino.