Momwe Mungayezere Mawu a Katswiri pa Nkhani za Nyengo ndi Ndale

Pulofesa akamalankhula za kusintha kwa nyengo, kaya pa wailesi, m'nyuzipepala kapena pamsonkhano, kawirikawiri amasakaniza zinthu ziwiri zimene womvera amazilandira ngati chinthu chimodzi: zimene kafukufuku wapeza, ndi zimene mwiniwakeyo akufuna kuti maboma achite. Zonsezi amazinena ndi chidaliro chofanana, koma kulemera kwake n'kosiyana. Pa zoyambazo katswiri amatiposa chifukwa wathera zaka zambiri akuyeza ndi kuwerengera, pomwe pa zachiwirizo ndi nzika ngati ife tomwe, ngakhale kuti mwina wawerenga zambiri. Aliyense wofuna kupindula ndi maganizo a munthu wotere, popanda kumugwadira kapena kumunyoza, ayambe ndi kulekanitsa ziwirizi.

Tengani nkhani imene katswiriyo walemba, muiwerenge chiganizo chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse mudzifunse ngati pali chipangizo choyezera kapena chiwerengero chimene chingasonyeze kuti wanama. Akanena kuti mpweya wa kaboni dayokisaidi mumlengalenga unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanachuluke ndipo tsopano wadutsa 420, zimenezo zili ndi potsimikizira, popeza mpweyawu akhala akuuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii kuyambira mu 1958. Akanena kuti m'zaka za 2011 mpaka 2020 dziko linali litatentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, akubwereza zimene IPCC, bungwe la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, linalemba litaunika kafukufuku wa anthu masauzande. Koma akanena kuti migodi ya malasha itsekedwe pofika chaka chakuti, kapena kuti mayiko olemera alipire ndalama zakutizakuti, palibe chipangizo chimene chingamuvomereze kapena kumutsutsa. Mawu monga "tiyenera", "chilungamo chake n'chakuti" ndi "sitingachitire mwina" ndiwo amaulula kuti wasiya kupereka lipoti, wayamba kukopa anthu. Kukopako si mlandu, ndipo mwina akunena zanzeru, koma pamenepo mumuyeze ndi zifukwa zimene wapereka, osati ndi udindo wake.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali mtundu wachitatu umene umasokoneza ambiri, ndiwo wa zolosera. Asayansi salosera ngati alauli. Amanena kuti ngati anthu atulutsa mpweya wochuluka chonchi, kutentha kudzafika pakati pa apa ndi apo. Mukamva chiwerengero cha chaka cha 2100, funani "ngati" amene chiwerengerocho chatsamirapo, chifukwa nthawi zambiri nyuzipepala imamudula n'kusiya nambala yoopsa kapena yotonthoza ili yokha.

Pali malo ena pamene maganizo a munthu amabisala mkati mwa masamu, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mu 2006 katswiri wa zachuma Nicholas Stern anatulutsa lipoti limene boma la Britain linamutuma, lonena kuti kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko kungadye pafupifupi 1 peresenti ya chuma cha dziko lonse chaka chilichonse, pomwe kungokhala osachita kanthu kungawononge 5 peresenti, mwinanso mpaka 20. William Nordhaus, katswiri mnzake wa zachuma wa kuyunivesite ya Yale, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2018, sanagwirizane naye ndipo ankalimbikitsa zochepetsa mpweyawo pang'onopang'ono. Awiriwa sankatsutsana zoti dziko likutentha. Kusiyana kwawo kwakukulu kunali pa mlingo wochotsera mtengo wa zinthu za mtsogolo: Stern anagwiritsa ntchito pafupifupi 1.4 peresenti pachaka, Nordhaus 4 peresenti kapena kuposerapo. Werengerani nokha muone. Chiwonongeko cha madola 100 chimene chidzagwe zaka 100 zikubwerazi chimakhala ngati madola 25 a lero mukatenga mlingo wa Stern, koma mukatenga 4 peresenti chimangokhala ngati madola 2. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo mlingo wokwera umatengera nzeru imeneyo patali kwambiri, mpaka mavuto a zidzukulu kusanduka kanthu kochepa. Nambala imodziyo ikuyankha funso lakuti mavuto a munthu wosabadwa tiwawerengere bwanji poyerekeza ndi athu, ndipo funso limenelo si la akatswiri a zachuma okha. Choncho mukaona kafukufuku wonena kuti ndondomeko yakuti ndi "yotchipa" kapena "yodula", tsegulani gawo lofotokoza njira imene anatsata, mupeze zimene anayamba wazitenga ngati zoona asanawerengere.

Onaninso ngati katswiriyo akulankhula za munda wake. Wodziwa za kayendedwe ka mphepo ndi nyanja sakhala wodziwa za misonkho, ndipo wa zandale sangakhale woweruza pa za madzi oundana. Mndandanda wa mapepala ake pa Google Scholar kapena pa ORCID ukuuzani m'mphindi zochepa zimene wakhala akufufuza.

Nkhani ya demokalase ndi imene akatswiri amatsetserekapo kwambiri. Ena amati zisankho za zaka zinayi kapena zisanu zilizonse zimachititsa andale kuopa chilichonse chopweteka lero n'kudzapindulitsa mawa, ndipo wasayansi wa ku Britain James Lovelock anafika ponena mu 2010 kuti mwina pangafunike kuyamba taimika demokalase kwa kanthawi. Umboni wowathandiza ulipo. Dziko la United States linatuluka m'pangano la Paris, limene mayiko anagwirizana pofuna kuchepetsa kutentha kwa dziko, mu 2020, n'kubwereramo mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 mtsogoleri wake analamulanso zotuluka, zonsezi motsatira mavoti. Ku France, mu 2018, kukweza msonkho wa mafuta a galimoto kunabutsa zionetsero zimene zinakakamiza boma kubwerera m'mbuyo. Komabe mukakumana ndi maganizo otere, funsani mafunso amene mwiniwake sakonda kufunsidwa. Ndani adzasankhe akatswiri olamulirawo, ndipo akalakwitsa adzawachotsa ndani? "Kanthawi" kameneka kadzatha liti, poti vuto la nyengo ndi la zaka makumi ambiri? Ambiri amaloza China, imene yamanga magetsi a dzuwa ndi a mphepo ochuluka kuposa dziko lina lililonse, koma China yomweyo ndiyo imatulutsa kaboni wambiri padziko lonse ndipo ikumangabe malo opangira magetsi ndi malasha. Wotchula mbali imodzi yokha ya chitsanzo chimenechi akukubisirani theka la nkhani.

Muwayeze mofananamo amene amati mankhwala ake ndi kuwonjezera demokalase. Zionetsero za ku France zija zitachitika, boma linasonkhanitsa nzika 150 zosankhidwa mwa maere, zimene kuyambira mu 2019 mpaka 2020 zinamvetsera akatswiri, kukambirana, ndi kupereka mfundo 149. Anthu wamba anasonyeza kuti amatha kumvetsa nkhani yovuta n'kugwirizana pa njira zolimba. Koma lamulo limene linatuluka mu 2021 linafewetsa kapena kusiya mfundo zambiri, moti ambiri mwa nzikazo anakhumudwa. Katswiri woyamikira misonkhano yotere afotokoze chimene chidzakakamize nyumba ya malamulo kutsata zimene nzika zanena. Akapanda kutero ndiye kuti wangotchula chokhumba chake. Ine ndimakhulupirira kwambiri wolemba amene amatchula yekha chitsanzo chomutsutsa kuposa amene zitsanzo zake zonse zimaloza kumodzi.

Mukatha kulekanitsa zopeza ndi zofuna, tsatirani zopezazo mpaka kumene zachokera. Munthu mmodzi yemweyo amalemba zinthu zosiyana mphamvu: pepala la m'magazini ya kafukufuku, pepala limene waliika pa intaneti lisanaunikidwe monga a pa arXiv kapena EarthArXiv, lipoti limene bungwe lina lamulipira kuti alembe, ndi nkhani ya maganizo ake m'nyuzipepala. Funani mutu wa pepalalo, dzina la magazini ndi nambala yake ya DOI, imene imakufikitsani pa pepala lenilenilo. Mukalipeza, yerekezani mawu ake omaliza ndi zimene wolembayo ananena pagulu, chifukwa si zachilendo kupeza kuti pepala likuti "mwina, m'madera ena" pamene pa wailesi anati "ndithu, paliponse".

Musaganize kuti pepala lounikidwa ndi akatswiri anzake ndiye kuti latsimikizika. Chimene chimachitika n'chakuti mkonzi amalitumiza kwa anthu awiri kapena atatu, amene nthawi zambiri salipidwa, ndipo iwo amaona ngati njira ya kafukufuku ndi yomveka ndiponso ngati zomalizazo zikutsatira umboni. Sabwereza kafukufukuyo, ndipo kawirikawiri sayang'ana manambala onse oyambirira. Mu 2003 magazini ya Climate Research inatulutsa pepala lonena kuti kutentha kwa zaka za m'ma 1900 sikunali kwachilendo. Akatswiri ambiri anapeza zolakwika m'njira yake, ndipo akonzi angapo, kuphatikizapo Hans von Storch, anatula pansi udindo posonyeza kuti kuunikako sikunayende bwino. Zolakwika zimachitikanso kumbali inayo. Lipoti la IPCC la 2007 linanena kuti madzi oundana a m'mapiri a Himalaya atha kusungunuka pofika 2035, chiganizo chimene chinachokera m'lipoti losaunikidwa, ndipo bungwelo linavomereza kulakwitsako mu Januwale 2010. Phunziro la nkhani ziwirizi n'lofanana: pepala limodzi silikwanira, ndipo mufune kudziwa zimene ena analemba pambuyo pake. Pa Google Scholar mungaone mapepala amene analitchula, ndipo Retraction Watch imasunga mndandanda wa mapepala amene anachotsedwa. Mu 2023 mokha mapepala oposa 10,000 anachotsedwa m'magazini osiyanasiyana, ambiri a iwo chifukwa cha chinyengo pa kaunikidwe.

Magazini nawonso muwafufuze. Alipo amene amalandira chilichonse bola wolemba walipira, ndipo amadziwika ndi makalata okopa olemba, malonjezo otulutsa pepala m'masiku ochepa, ndi mayina otengera a magazini otchuka. Onani ngati magaziniyo ali m'kaundula wa DOAJ, wa Scopus kapena wa Web of Science, ndipo muone ngati akonzi otchulidwawo alidi kumayunivesite amene alembedwa. Kenako pitani kumapeto kwa pepala kumene olemba amaulula amene anapereka ndalama. Ndalama za kampani ya mafuta kapena za bungwe lomenyera zachilengedwe sizisandutsa zopeza kukhala zabodza, koma zimakuuzani pamene muyenera kuyang'anitsitsa, makamaka pa funso limene ofufuzawo anasankha kufunsa ndi limene analisiya.

Katswiri akamadandaula za makampani osindikiza, dandaulo lake lili ndi maziko, ndipo limakhudza inunso owerenga. Kafukufuku wa mu 2015 anasonyeza kuti makampani asanu okha, ena mwa iwo Elsevier, Springer ndi Wiley, ndiwo anasindikiza mapepala oposa theka la onse a mu 2013 amene kafukufukuyo anawawerengera. Ofufuza amalemba ndi kuunika osalipidwa ndi magazini, kenako malaibulale a mayunivesite awo amagula zolembazo pamtengo wokwera. Njira yoti aliyense aziwerenga mwaulere, imene inalimbikitsidwa ku Budapest mu 2002 ndiponso mu 2018 ndi Plan S, ndondomeko ya mabungwe a ku Ulaya opereka ndalama za kafukufuku, yachotsa chipata kwa wowerenga koma nthawi zambiri yachisamutsira kwa wolemba: mu 2021 magazini ya Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 pa pepala limodzi lotere. Zotsatira zake n'zakuti ofufuza a m'mayiko osauka, kumene chilala ndi kusefukira kwa madzi zikupweteka kwambiri, amamveka pang'ono m'magazini amene IPCC imadalira. Choncho wina akanena kuti "palibe umboni" wa vuto lakuti m'dera lakuti, funsani ngati anthu anafufuza n'kusapeza kanthu, kapena ngati sanafufuze n'komwe. Malo ngati African Journals Online ndi SciELO amasunga kafukufuku wambiri amene sapezeka m'magazini otchukawo.

Pa malipoti a IPCC pali chinthu china choyenera kudziwa. Bungweli, limene linakhazikitsidwa mu 1988, silichita kafukufuku wakewake koma limaunika zimene zasindikizidwa kale. Mitu ikuluikulu ya lipoti imalembedwa ndi asayansi, koma chidule cholembera opanga malamulo chimavomerezedwa ndi nthumwi za maboma mzere ndi mzere, ndipo mawu amene boma lina silikuwafuna amatha kufewetsedwa kapena kuchotsedwa. Katswiri akamati IPCC yanena zakuti, onani ngati akutchula chidulecho kapena mutu weniweni wa lipoti, ndipo pamene nkhaniyo ndi yotentha, monga ya malasha, ya mafuta kapena ya ndalama zothandizira mayiko osauka, werengani zonse ziwiri.

Pepala limene mukulifuna likakhala lotsekeredwa ndi malipiro, musafulumire kulipira. Yesani Unpaywall, imene imafufuza makope aulere ovomerezeka, kapena nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite imene wolembayo amagwirako ntchito. Zikakanika, mulembereni imelo yaifupi, mutchule mutu wa pepalalo ndi chifukwa chimene mukulifunira. Olemba ambiri amatumiza mosangalala popeza sapeza ndalama iliyonse pa malipirowo, ndipo m'kalata yomweyo mungathe kumufunsa kuti mwa zimene ananena pagulu, ndi ziti zimene zili m'pepalamo ndipo ndi ziti zimene ndi maganizo ake.