Kutenga mwana mwalamulo ku Malawi inu mukukhala kunja: mapepala, khothi ndi maulendo

Kwa Amalawi ambiri amene ali ku UK, ku America kapena ku Joni, ganizo lotenga mwana limabwera pambuyo pa maliro. Mchemwali watisiya, ana atsala m'manja mwa agogo okalamba, ndipo abale atakhala pansi agwirizana kuti wamng'onoyo apite kwa azakhali ake kunja. Kumudzi nkhani yatha pamenepo. Amfumu alemba kalata, mwinimbumba wavomera, aliyense akudikira tsiku la ndege. Koma kwa a zolowa ndi kutuluka a dziko limene mukukhalalo, mwanayo akadali mwana wa m'bale wanu basi. Kalata ya amfumu, ngakhale ikhale ndi chidindo chowoneka bwino chotani, simpatsa viza.

Pali malamulo a mayiko awiri amene ayenera kugwirizana, ndipo oyamba kuwatsata ndi a dziko limene mukukhala, osati a kwathu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amathamangira kumudzi, kupeza loya, kupambana kukhothi, kenako n'kuzindikira kuti mwana amene tsopano ndi wawo mwalamulo ku Malawi sangakwere nawo ndege. Dziko la Malawi silinalowe nawo m'pangano la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana kupita nawo kunja, choncho chigamulo cha khothi la kwathu sichingolandiridwa mwachisawawa kulikonse. Dziko lililonse limafufuza palokha.

Ngati mukukhala ku England, lamulo la Adoption and Children Act 2002 limafuna kuti musanabweretse mwana muyambe mwawunikidwa ndi khonsolo yanu kapena bungwe lovomerezeka, kenako Department for Education ikupatseni Certificate of Eligibility, chikalata chotsimikiza kuti ndinu woyenera kutenga mwana. Zilibe kanthu kuti mwanayo ndi wa mchemwali wanu weniweni. Kumulowetsa m'dzikomo mutalumpha zimenezi ndi mlandu. Mukafika naye, muli ndi masiku 14 oti mudziwitse khonsolo. Ku America njira ya fomu I-600A ndi I-600, zopemphera kubweretsa mwana amene mwamutenga kunja, ndi ya nzika za dzikolo zokha. Amene ali ndi green card chabe sangaidutse. Mwanayo ayenera kukhala wosakwana zaka 16 pamene fomu ikuperekedwa, komanso akhale wamasiye malinga ndi mmene lamulo la kumeneko limaonera umasiye, zomwe zimasiyana ndi mmene timaonera kwathu. Mwana amene makolo ake onse ali moyo ndipo akumulera, kungoti ndi osauka, kawirikawiri sawerengedwa. Kuyambira 2014 mufunikanso kudzera ku bungwe lovomerezeka ndi boma la America. Malamulo a viza a kumeneko akhala akusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe musanawononge ndalama.

Tsopano za kwathu. Lamulo lake ndi Adoption of Children Act, ndipo pempho la munthu wokhala kunja limapita ku High Court. Wopempha akhale wazaka 25 kapena kuposerapo, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, ngakhale khothi limatha kufewetsa za kusiyana kwa zakaku pakakhala ubale wapafupi. Bambo wopempha yekha kutenga mwana wamkazi amaloledwa pokhapokha patakhala zifukwa zapadera. Khothi limasankha woimira mwana, amene nthawi zambiri amachokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kuti akaone kumene mwanayo akukhala, acheze ndi abale, n'kulemba lipoti. Palinso mfundo yakuti wopempha akhale wokhala m'Malawi. Mfundo imeneyi ndi imene inachititsa kuti High Court ikane pempho la Madonna lotenga Mercy James mu April 2009, koma Supreme Court of Appeal inasintha chigamulocho mu June chaka chomwecho, ponena kuti kukhala m'dziko sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa masiku kokha. Mmalawi amene ali ndi kwawo, munda, abale ndiponso amabwerabwera, ali ndi poyambira pabwino, komabe musaitenge mopepuka. Sonkhanitsani umboni: zidindo za m'pasipoti, malisiti a fizi imene mwakhala mukulipira, ndalama zimene mwatumiza, zithunzi za maulendo akale. Khothi lilinso ndi mphamvu yoyamba lapereka chilolezo chongoyembekezera, mpaka zaka ziwiri, lisanagamule komaliza.

Nkhani ya chilolezo cha abale isamalidwe kwambiri. Bambo wa mwana amene anasowa mwanayo ali khanda akadali bambo pamaso pa lamulo, ndipo amatulukira nthawi imene wamva kuti mwana akupita ku Ulaya. Mufunefuneni msanga, asayine pamaso pa ovomerezeka, kapena loya afotokozere khothi chifukwa chake sakupezeka. Afotokozereninso agogo ndi amalume mosabisa kuti kutenga mwana mwalamulo kumasamutsa ufulu wonse wa ukholo kupita kwa inu mpaka kalekale. Ambiri amasayina akuganiza kuti mwana akungopita kusukulu. Akadzafunsidwa ndi a kazembe n'kuyankha kuti "tangomubwereketsa", zonse zimaima.

Ndipo pali njira yachidule imene wina adzakunong'onezani ndithu: kungolembetsa satifiketi yakubadwa yonena kuti mwanayo munabereka ndinu. Ikaneni. A kazembe akakayika amapempha kuyeza DNA, ndipo bodza likaululika mwana amakanizidwa viza, inuyo mapepala anu okhalira kunja n'kulowa m'madzi.

Pa za maulendo, chotsani m'mutu zoti mudzatenga tchuthi cha milungu itatu n'kubwerako ndi mwana. Werengerani maulendo angapo: woyamba wokakhala ndi mwanayo, kukumana ndi loya ndi a zachisamaliro cha anthu, wina wa tsiku la khothi, wina wodzamutenga viza ikatuluka. Masiku a khothi amasuntha. Woweruza akhoza kukhala pa ntchito ina, lipoti likhoza kuchedwa. Gulani tikiti yosinthika tsiku, ngakhale ndi yodulirapo, ndipo ya mwana musagule viza isanalowe m'pasipoti. Khothi likagamula pamatsala mzere wina wautali: chigamulo chosayinidwa ndi kudindidwa, satifiketi yakubadwa ya ku National Registration Bureau, pasipoti ya ku Immigration, kuyezedwa kuchipatala chimene a kazembe amavomereza, kenako viza. Chilichonse chimadikira chinzake. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndiye siyani mpata wokwanira. Yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina ndi tsiku lobadwa pa pepala lililonse, kuyambira pa buku la kusikelo. Chilembo chimodzi, Mphatso pano Mpatso apo, chikhoza kukudyerani mwezi.

Pamene mukusamala mapepala a mwana musaiwale anu. Ku UK, amene mukuwerengera zaka zoti mupeze chilolezo chokhazikika, pa mitundu yambiri ya viza simuyenera kukhala kunja masiku oposa 180 pa miyezi 12 iliyonse. Wa green card akapitirira miyezi 6 kunja amafunsidwa mafunso pobwerera, ndipo akapitirira chaka akhoza kuitaya. Ngati munatenga unzika wa dziko lina, dziwani kuti Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, koma umafunika kuulembetsa. Ngati simunatero, mulowa kwanu komwe ngati mlendo, ndi masiku owerengeka. Za kuntchito nazo zimasiyana. Ku UK tchuthi cha olera mwana chimafika milungu 52, koma chimayamba mwana akalowa m'dzikomo, kutanthauza kuti maulendo onse a kukhothi adya tchuthi chanu chapachaka. Ku America lamulo la FMLA limapereka milungu 12 yosalipidwa kwa oyenerera, ndipo mbali ina mukhoza kuigwiritsa ntchito pa ulendo wokatenga mwana. Mabanja ambiri amagawana: mmodzi amatsala ku Malawi ndi mwana, wina amabwerera kukagwira ntchito kuti lendi isaime.

Ngati mukupita ndi ana anu obadwira kunja, aonane ndi dokotala za mankhwala oteteza ku malungo musananyamuke. Inunso chimodzimodzi, chitetezo chimene munali nacho muli kumudzi chinatha kalekale.

Tsiku lonyamuka, zikalata zonse zenizeni zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi: chigamulo cha khothi, satifiketi yakubadwa, satifiketi ya imfa ya kholo, makalata a chilolezo, buku la katemera. Ngati mukuyenda kholo limodzi, tengani kalata yolumbirira ya mnzanuyo. Mudzafunsidwa pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka, ndipo mwina mudzafunsidwanso ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, makamaka ngati dzina la mwana ndi lanu zikusiyana. Musapse mtima, akugwira ntchito yoteteza ana ku ozembetsa anthu. Kumbukiraninso kuti mwanayo akuyenda ndi pasipoti ya Malawi ngakhale yanu ili ya Britain kapena America, choncho fufuzani ngati akufunika viza yodutsira pa bwalo lililonse limene ndege itere.

Mwanayo naye akusiya zonse zimene amadziwa. Masiku omaliza agone kumene inu mukugona, azolowere mawu anu ndi dzanja lanu. Apite akatsanzike agogo masana, osati kumuzembetsa ali m'tulo poopa kulira. Mufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka chake za phokoso la ndege, lamba wapampando ndi chimbudzi chimene chimakoka madzi mwaukali. Makutu akayamba kuwawa potera, mpatseni chakumwa kapena switi. Munyamulireni juzi m'manja, nambala ya foni ya agogo, ndi chitenje chimene amafunda, chosachapa.