Wogula amalawa ndi maso: kayalidwe ka malonda ndi kakonzedwe ka lebulo

Alimi ambiri amene timagwira nawo ntchito m'makalabu amalimbikira kudimba, koma ikafika nthawi yogulitsa amangokhuthula katundu pa chiguduli chakuda n'kukhala pansi kudikira. Dzuwa likamalowa mumva akudandaula kuti msika sunayende, pamene mnzawo wa benchi yoyandikana, amene matimati ake achokera m'dambo lomwelo, wagulitsa kalekale. Ena amafulumira kunena kuti mnzawoyo ali ndi chizimba. Mukapita pa Lizulu kapena pa Jenda n'kuyang'anitsitsa bwino, mupeza kuti kawirikawiri chizimba chake ndi kayalidwe basi.

Munthu asanalawe chinthu, maso amakhala atauza kale lilime zoti liyembekezere. Mu 2001, ku Bordeaux m'dziko la France, ofufuza anathira utoto wofiira wopanda fungo mu vinyo woyera n'kupatsa ophunzira 54 a ukadaulo wa vinyo kuti anunkhize. Ophunzirawo anafotokoza fungo lake ndi mawu amene amafotokozera vinyo wofiira. Makutu nawonso amatero: wofufuza wina, Charles Spence wa ku yunivesite ya Oxford, ndi mnzake Massimiliano Zampini anaveka anthu mahedifoni pamene ankadya makrisipi, ndipo atakweza phokoso la kutafunako anthuwo anati makrisipiwo ndi atsopano komanso okhukhuluka bwino, chonsecho anali amodzimodzi. Kuno kwathu umboni tili nawo pa chimanga cha mtundu wa olenji chokhala ndi vitamini A. Mabanja ena amachikana asanachilawe n'komwe, chifukwa mtundu wake umawakumbutsa chimanga chachikasu chothandizira anthu pa nthawi ya njala.

Tiyambe ndi pamene mukuyalapo. Mtundu wofiira umaoneka wofiira kwambiri ukayandikana ndi wobiriwira. Choncho milu ya matimati muiike pafupi ndi mpiru, repu kapena tsabola wobiriwira, ndipo pansi muyale masamba a nthochi otsuka bwino kapena nsalu yoyera. Beseni la pulasitiki lofiira kwambiri limapikisana ndi matimati, mapeto ake matimatiwo amaoneka otumbuluka. Lichero kapena dengu laukhondo silipikisana ndi katundu, komanso limapatsa wogula maganizo akuti zinthuzi zangochoka kumunda.

Mthunzi nawonso uli ndi nkhani yake, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzipweteka osadziwa. Kuwala kukadutsa pa lona wabuluu kumagwera pa katundu kuli kwabuluu, ndiye matimati, mango ndi nyama zimaoneka zakuda ngati zagonera. Denga la udzu, mphasa kapena nsalu yoyera limasiya zinthu zikuoneka mmene zilili. Ngati lona amene muli naye ndi wabuluuyo, mukokereni kumbuyo kuti aphimbe inuyo, katundu wa kutsogolo akhale pansi pa chophimba choyera.

Kukula kwa chotengera kumasintha kukula kwa mulu m'maso mwa munthu. Mfundo yake anailemba kalekale m'zaka za m'ma 1860 wofufuza wina wa ku Belgium, Joseph Delboeuf: kadontho kozunguliridwa ndi mzere wapafupi kamaoneka kakakulu kuposa kadontho kofanana nako kamene kali pakati pa bwalo lalikulu. Mtedza wokazinga wodzaza kambale kakang'ono umakopa kuposa mtedza womwewo utamwazika m'mbale yaikulu. Benchi ikayamba kupunguka, sonkhanitsani zotsalazo pamodzi, musazisiye apa ndi apo ngati zosankhidwa kale. Ndipo kwezani katundu achoke pansi. Zapansi zimalowa fumbi, komanso munthu wodutsa sawerama kuti aone zimene sanaganize zogula.

Komatu si chilichonse chofuna kuonetsedwa padzuwa. Kachewere akakhalitsa powala amasanduka wobiriwira, ndipo mbali yobiriwirayo imawawa komanso ili ndi poizoni. Mafuta ophikira a mpendadzuwa amene magulu ena akuyenga amawonongeka msanga akakhala padzuwa m'botolo loonekera mkati. Onetsani ochepa, enawo asungidwe pamthunzi. Mphuno nayo muiganizire: ufa ndi nsinjiro zimatenga fungo la sopo, palafini kapena usipa zikasungidwa pamodzi, ndipo kasitomala akanunkhiza zimenezo sabweranso.

Kwa magulu amene mukupanga chiponde, uchi, jamu kapena tsabola wa m'botolo, lebulo ndi imene imakulankhulirani mushopu inu kulibe. Vuto limene timaliona pafupipafupi ndi kufuna kuikapo chilichonse: mitundu isanu, chithunzi cha gulu lonse, vesi, maluwa m'mphepete. Wosindikiza sangakukanizeni chifukwa ndalama mukulipira ndinu, koma diso la wogula limasowa poyambira. Sankhani mitundu iwiri, ikachuluka itatu, yogwirizana ndi zimene zili mkatimo. Dzina la katundu likhale lalikulu kuposa dzina la gulu, chifukwa munthu akufunafuna uchi, sakufunafuna kalabu yanu. Zilembo zakuda pa pepala loyera kapena lachikasu zimawerengeka patali. Zachikasu pa choyera sizioneka, ndipo zofiira pa chobiriwira zimavuta anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Siyani malo opanda kanthu kuzungulira dzinalo. Musanasindikize zambiri, matani lebulo imodzi pabotolo, liikeni pashelufu pakati pa katundu wina, bwererani mapazi atatu, ndipo funsani munthu wosakhala wa gulu lanu kuti akuuzeni chimene akuona poyamba.

Kukongoletsa kusakuiwalitseni zofunika pa lamulo. Lebulo ya chakudya iyenera kuonetsa dzina la katundu, zimene zaikidwamo, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, ndiponso tsiku limene katunduyo adzathere mphamvu. Pitani ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu, akakulangizeni musanawononge ndalama zosindikizira. Pukutaninso botolo mukatha kuthiramo, pakuti dzanja likagwira botolo lonata, munthu amaganiza kuti ndi m'kati momwe mulibe ukhondo.

Pali malire amene sindifuna muwadumphe. Kuyala bwino n'kosiyana ndi kubisa matimati owola pansi pa mulu, kupinda pansi pa chitini choyezera, kapena kuthira utoto m'chakumwa kuti chioneke ngati muli zipatso zambiri. Wogula akazindikira akafika kunyumba, mawa adzadutsa benchi yanu, ndipo adzauza anzake.

Poyesera malangizowa musasinthe zonse tsiku limodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chathandiza. Sabata ino sinthani choyalapo chokha, sabata yamawa mthunzi, ndipo mlembi wa gulu azilemba m'kaundula kuchuluka kwa milu imene yagulidwa ndi nthawi imene katundu wathera. Mukabwere ndi kaundulayo pa msonkhano wotsatira wa kalabu kuti tidzayerekeze ndi za magulu ena.