Musanamate matailosi kukhitchini, yambani mwakonza khoma

Matailosi a kuseri kwa sinki ndi mbaula akayamba kugwa, ambiri amathamangira kunena kuti simenti yomatira inali yachabechabe. Koma nthawi zambiri vuto limakhala khoma lenilenilo.

Choyamba thimitsani magetsi a kukhitchiniko, mumasule zivundikiro za masoketi. Pamwamba pa makabati apansi yalanipo makatoni.

Kenako mafuta, ndipo apa m'pamene pagona ntchito. Tayesani kuyendetsa chala pakhoma pafupi ndi mbaula. Mumva kunata, ngakhale khomalo likuoneka loyera. Ndi mafuta a m'poto amene akhala akuthovokera pamenepo zaka zonsezi, ndipo simenti siigwira pa mafuta. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze ndi madzi oyera. Chala chikamanatabe, bwerezani. Lisiyeni liume.

Likauma, ligogodeni ndi chigwiriro cha sikuludiraiva uku mukumvetsera. Pomwe pakulira ngati ng'oma, pulasitala analekana ndi njerwa. Gumulani pamenepo muikenso wina, chifukwa matailosi ndi olemera, adzagwa naye limodzi. Penti wosupuka mupaleni yense. Wonyezimira uja, ngakhale atagwira bwanji, mukwecheni ndi sandipepa wa nambala 80 mpaka atasiya kuwala. Ine ndimangomuchotseratu, poti tailosi yomatidwa pa penti imadalira mphamvu ya pentiyo basi.

Mukaona chinyezi pansi pa mpope, konzani kaye paipi yodonthayo.

Tsopano tsamiritsani thabwa lowongoka la mamita 2 pakhoma. Mpata wa pakati pa thabwa ndi khoma usapitirire mamilimita 3. Pokumbika tsekanipo, potumphuka palanipo. Musadzinamize kuti mudzakonza pomata poika simenti yambiri. Matailosi ang'onoang'ono amaulula chilichonse, makamaka nyale ya pansi pa kabati ikayaka. Pulasitala watsopano wa simenti ndi mchenga mupatseni masabata osachepera awiri kuti aume.

Pukutani fumbi ndi kansalu konyowa. Ngati khoma likumwa madzi msangamsanga kapena likutuwitsa dzanja, lipakeni primer (mankhwala othandiza kuti simenti igwire pakhoma) amene walembedwa pa thumba la simenti yomatirayo.

Chotsalira ndi mizere. Musakhulupirire kuti pamwamba pa kabati m'powongoka, ikanipo levulo, chipangizo choyezera kuwongoka. Jambulani mzere wopingasa, ndi wina woimirira pakati pa sinki kapena mbaula kuti zidutswa zodula zikagwere m'makona. Kuseri kwa mbaula, komwe kulibe kabati, khomerani kathabwa koti mzere woyamba wa matailosi utsamirepo, mudzakachotse simenti ikauma. Pakati pa kabati ndi tailosi yapansi siyani mpata wa mamilimita 3, womwe mudzatseke ndi silikoni kuti madzi asalowe.